Choko cha pa chitseko cha alamu anga

Pa chitseko cha alamu anga, kumudzi kwathu ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, pakadali timanambala ta choko timene adalemba anthu a katemera wa poliyo. Khonde la nyumbayo ndi lotsika, mvula siwomba pachitseko, choncho zolembazo zidangozilala koma sizidafufutike. Chaka chino nditapita kukathandiza achimwene kukumba mbatata ya kachewere, ndidaima pakhomopo n'kumaziyang'ana. Alamu adandipeza ali ndi ndowa pamutu, akuchokera kuchitsime.

"Alamu, mukuwerenga ngongole zathu?"

"Ndikuwerenga alendo anu."

"Amenewo ndiye adali alendo," adatero akutula ndowa. "Kubwera okha osaitanidwa, kutisowa pakhomo n'kutilondola kudimba. Mwana mmodzi adali kwa agogo ake kutsidya kwa mtsinje, adamutsatira komweko. Koma za chikuku, mudikire muone ngati alipo amene adzagogode pano."

Adanena akuseka, monga timachezera pa chilamu, koma ine mawuwo adanditsatira mpaka ku Tete kumene ndimagwira ntchito.

Mu Febuluwale 2022 dziko la Malawi lidalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapuwala ndi poliyo wa mtundu uja tidauzidwa kuti udatha, pakuti mu Ogasiti 2020 Africa yonse idalengezedwa kuti yathana nawo. Mu Meyi chaka chomwecho cha 2022 nkhani idaoloka malire: mwana wina wa m'boma la Changara, kumwera kwa Zambezi, adapezekanso nawo. Mozambique idali isanaone poliyo wotereyu kuyambira 1992. Ofufuza adati kachilomboko ndi ka mtundu wa kamene kamazungulira ku Pakistan. Chaka chisanathe ana opuwala adakwana 8, onsewo a m'chigawo chathu cha Tete. Poliyo alibe mankhwala ochiza. Mwendo ukalobodoka walobodoka.

Zimene zidatsatira sindidaziwonepo chibadwire. Anyamata ndi atsikana onyamula timabokosi tozizira adalowa mudzi ndi mudzi, khomo ndi khomo, m'misika, m'matchalitchi, pa zipata za malire monga Calomue ndi Zóbuè. Mwana aliyense wosakwana zaka 5 ankamudonthezera madontho 2 m'kamwa, kumupaka inki pakachala kakang'ono, iwo n'kulemba choko pachitseko kuti obwera pambuyo adziwe kuti pano tadutsa. Patapita masabata ochepa ankabweranso, kenako n'kubweranso, mpaka azimayi ena adayamba kufunsa kuti kodi madonthowa ndi phala loti mwana azimwa mwezi ndi mwezi. Mu Meyi 2024 bungwe la zaumoyo padziko lonse lidalengeza kuti mliriwo watha m'maiko awiriwa. Ntchitoyo idagwirika, ndipo amene adayenda mapiri athu aja wapansi ndimawavulira chipewa.

Koma choko chija chidachotsa chodzikhululukira chimodzi chimene takhala tikumva zaka zonsezi, chakuti kwathu sikufikika. Kumafikika. Mafuta akapezeka, ndalama ya oyenda ikapezeka, wina kumtunda akada nkhawa, ngakhale mudzi wa kuseri kwa phiri umafikika kanayi pachaka.

Tsiku wamba silikhala choncho. Kuchoka pakhomo pa achimwene kukafika ku chipatala chaching'ono chimene tili nacho pafupi ndi ulendo wa maola atatu wapansi, munthu wopanda katundu. Mayi wobereka mwana kumbuyo, wina akumukoka padzanja, amanyamuka tambala woyamba atangolira, ndipo ku Angónia m'mwezi wa Juni nthawi imeneyo mame amakhala ngati akuluma. Mwana wawo wachinayi atakwana miyezi 9, alamu adayenda ulendowu katatu asanalandire katemera wa chikuku. Ulendo woyamba adauzidwa kuti lero si tsiku lake. Wachiwiri adafika dzuwa litakwera n'kupeza kuti botolo latha, lina satsegula. Wachitatu ndiye zidatheka. Achimwene adawerenga masiku atatu a kumunda amene adatayika, ndipo sindinganene kuti adawerenga molakwa.

Poyamba ndidapsa mtima ndi namwino, kufikira mnzanga wina wogwira ntchito yomweyi atandifotokozera m'mene zimakhalira. Katemera wa chikuku amabwera ngati ufa m'kabotolo kokwanira ana 10, wa BCG, woteteza ku chifuwa chachikulu, uja amasiya chipsera paphewa, kabotolo kake n'ka ana 20. Ukangosungunula, uyenera kumaliza pasanathe maola 6, wotsalayo n'kutaya. Namwino amene watsala ndi timabotolo tiwiri, osadziwa kuti galimoto ya kuboma ibwera liti, akaona mwana mmodzi yekha pabenchi masana amazengereza. Malangizo amati tsegula ngakhale mwana ndi mmodzi, koma iye amaganiza za ana 9 a mawa. Kuonjezera apo katemerayo amafuna kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8 kuchokera ku Maputo mpaka pamkono wa mwana. Firiji ya sola ikafa batire, zonse zili m'katimo zasanduka madzi achabe. Namwinoyo yekhayekha ndi amene akuyeza ana pasikelo, kubereketsa, kuyeza malungo, kulemba m'mabuku. Mkwiyo wanga udasowa pogwera, koma masiku atatu a alamu sadabwerere.

Ku tauni, tikamamwa tiyi mu ofesi, nkhani imeneyi timaimaliza msanga. Timati anthu akumudzi ndi osazindikira, amakhulupirira asing'anga, amaopa jakisoni. Alipo oterowo, ndipo ilipo mipingo imene imaletsa anthu ake mankhwala a kuchipatala. Kwathu mabanja otero timawadziwa ndi maina, ndipo ndi ochepa. Azimayi ambiri amene ndidakula nawo sakana katemera. Chimene amakana ndi ulendo wopita pachabe. Pa wailesi amati kupewa kuposa kuchiza, ndipo n'zoona, koma mwana wodwala amadzilipirira yekha ulendo: akatentha thupi palibe amene amafunsa za kumunda. Mwana wosewera bwino pabwalo ndi amene amavuta kumunyamula maola atatu, chimanga chili m'tchire.

Ndipo zovuta zonse zidasankha nyengo imodzi. Kuyambira Disembala mpaka Malichi ndi pamene udzudzu umaswana, zimbudzi zimagwa, zitsime zimalowa madzi a kumtunda, nkhokwe zimakhala zitapepuka. Nthawi yomweyo ndi yopalira ndi kubandira, ya fodya, ya ganyu. Ndi nthawi yomweyonso imene timilatho tamitengo timakokoloka, ndipo brigada, gulu lija la achipatala limene limabwera ndi sikelo n'kuipachika pamtengo wa mango pabwalo la amfumu, imalephera kufika. M'chilimwe, misewu ili youma ndipo anthu ali ndi mpata, imabwera bwinobwino ikapeza mafuta. Miyezi imene ikufunika kwambiri ndiyo imene sitiiona.

Kwathu kulinso china chimene a ku Maputo sachimvetsa msanga. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu pali malo amene msewu waukulu wa Malawi ndiwo malire enieni: mbali ino Mozambique, mbali iyo Malawi, anthu ake amodzi, maliro amodzi, msika umodzi ngati wa Lizulu. Mabanja ambiri chipatala chawo chapafupi chili kutsidya. Ndiye upeza mayi ali ndi zikalata ziwiri m'kapepala ka pulasitiki: kabuku ka ku Malawi ndi cartão, khadi la kusikelo la kuno. Ku Malawi katemera woyamba uja wa matenda angapo amaperekedwa mwana akakwana masabata 6, 10 ndi 14. Kuno ndi pa miyezi 2, 3 ndi 4. Wachiwiri wa chikuku uko ndi pa miyezi 15, kuno pa miyezi 18. Mayi akayamba uku n'kupitiriza uko, namwino aliyense amaona theka la nkhani. Mwana wina amabayidwa kawiri, zimene sizivulaza. Wina amadumphidwa, aliyense akuganiza kuti mnzake adabaya kale.

Chiyankhulo nachonso chimakankhira anthu kutsidya. Cartão yalembedwa m'Chipwitikizi. Namwino wotumizidwa kuchokera ku Gaza kapena ku Sofala, mwana wabwinobwino wofuna kuthandiza, amafika osadziwa ngakhale kupereka moni m'Chichewa, ndipo mayi amene sukulu adalekeza kalasi yachiwiri amangoti "sim, sim" n'kutuluka osamva tsiku lobweranso. Uko akamuuza kuti "mayi, mubwerenso Lachitatu la sabata yachinayi," wamva. N'chifukwa chake kwathu timati "kusikelo" monga a ku Dedza, ndipo uthenga wambiri wa zaumoyo tidaumvera pa mawailesi a ku Malawi.

Chizolowezi choolokachi chidayamba ndi nkhondo. Ine chipsera changa cha paphewa ndidachitengera ku Dedza, kumene makolo adathawira, m'zaka zija Malawi idasunga anthu a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi. Amayi amakonda kunena kuti kothawa nkhondo kudali njala ndi manyazi, koma sikelo idali pafupi kuposa kwathu. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, tidabwerera n'kupeza kachipatala ka m'dera lathu kalibe denga, mbuzi zikugona m'chipinda choberekera. Zambiri zamangidwa kuchokera pamenepo, sindikana. Koma Tete ndi chigawo chachikulu, pafupifupi masikweya kilomita 100,000, ndipo ngati ife a ku Angónia, kumene midzi ndi yothithikana, tikudandaula mtunda, nanga a ku Chifunde, a ku Marávia ndi a ku Zumbo atani?

Pakati pa mudzi ndi chipatala pali munthu mmodzi amene ndikufuna ndimutchule bwino, ngakhale dzina lake ndilisunga. Boma lidamutcha APE, kufupikitsa mawu a Chipwitikizi akuti agente polivalente elementar. Kwathu ambiri amangoti adokotala, iye n'kumakana mwamanyazi. Ntchito imeneyi idayamba mu 1978, nkhondo idaifooketsa, ndipo idatsitsimutsidwa mu 2010. Mudzi umasankha munthu wake wodziwa kulemba ndi kuwerenga, amakaphunzira miyezi ingapo, n'kubwera ndi chikwama: toyezera malungo pachala, mankhwala a malungo, timapaketi ta madzi a mchere ndi shuga, zinki, amoxicillin wa ana a chibayo, kalamba koyezera mkono wa mwana ngati wanyentchera. Kandalama kamene adamuikira pa nthawiyo kadali 1,200 meticais pamwezi, ndipo wathuyu amati kamabwera ngati mvula ya chizimalupsa, osaidalira. Ali ndi munda wake, ana ake, njinga imene matayala amagula yekha.

Ntchito yake yaikulu pamapepala ndi yophunzitsa anthu kupewa matenda, kuchiza n'kongothandizira. Mudzi udatembenuza. Akakhala ndi mankhwala, pakhomo pake pamadzaza. Chikwama chikauma, ngakhale aitane msonkhano wa zimbudzi pamabwera nkhalamba zitatu ndi agalu. Iye adandiuza kuti mapiritsi ndiwo amamugulira makutu a anthu.

Ndidamuona akugwira ntchito usiku wina mu Janyuwale, zaka zingapo zapitazo. Mwana wa mlongo wanga, wa miyezi 7, adatsekula m'mimba masiku awiri, maso adalowa, ndipo liwombo lidagwa. Amayi anga sadakayike: vuto ndi liwombo, ndipo mankhwala ake amawadziwa, adalera nawo ana asanu ndi awiri. Adasinja mizu yawo n'kumata pamutu pa mwana. Ine ndi sukulu yangayi ndidayamba kukweza mawu, kuwauza kuti liwombo silidwala, limalowa chifukwa madzi atha m'thupi. Amayi adandiyang'ana n'kuti, "Iwe liwombo lako adakumata ndani?" Nkhani idathera pomwepo.

Mkulu uja atafika ndi tochi sadatsutse kanthu. Adagwada, kupereka moni kwa amayi monga mwa ulemu, kuyang'ana pamutu pa mwana n'kuti, "Agogo, apa mwagwira kale ntchito yanu. Tsopano tithandizane ndi zam'kati." Adatsina khungu la pamimba, n'kuwaonetsa m'mene likuchedwera kubwerera. Adaitanitsa botolo la lita imodzi, madzi owiritsa, kuthiramo paketi yonse, ndipo sipuni adaipereka m'manja mwa amayi, osati mwa mlongo wanga. Adati sipuni imodzi, mupume pang'ono, ina, akasanza mudikire pang'ono n'kuyambanso, kuyamwa asaleke. Amayi adakhala tsonga usiku wonse ndi sipuniyo. Kutacha liwombo lidali litayamba kudzaza, mwana akulira ndi misozi. Adasiya zinki woti amwe masiku 10 ngakhale ataoneka kuti wachira. Mpaka lero amayi amati mizu yawo ndi imene idakweza liwombo, madzi aja adangothandizira. Koma mwana aliyense akatsekula m'mimba pamudzipo, ndi iwo amene amayamba kufunsa ngati paketi ija ilipo.

Chimodzimodzi ndi tsempho. Mwana akatupa miyendo ndi nkhope, tsitsi n'kufiira, akuluakulu amayamba kufunsa kuti ndani wasempha mwanayu, bambo ayenda kuti, mchere wathira ndani. Mlandu umatha masiku, pamene mwanayo akusowa chakudya chomanga thupi. Chondipweteka n'chakuti izi zimachitika ku Angónia, dera limene limadyetsa mzinda wa Tete ndi mbatata, nyemba, soya ndi chimanga. Soya yense amakwera galimoto, mtedza umapita kumsika, mazira ndi ogulitsa kuti tigule sopo, mwana n'kutsala ndi phala la ufa woyera lothira mchere. Pamenepa palibe botolo la katemera lofunika firiji. Pakufunika wina wokhala pansi ndi mayi ndi apongozi ake pafupi ndi mtondo, osati kamodzi.

Za madzi sindichulutsa. Kolera itavuta mu 2023, chaka cha namondwe Freddy, timabotolo ta mankhwala oyeretsera madzi otchedwa Certeza tidagawidwa, anthu adathira m'mitsuko, ana adaphunzira kusamba m'manja. Mliri utadutsa, botolo litatha, tidabwerera ku chitsime chathu chosavundikira. Mjigo wa pasukulu udafa chifukwa cha kachitsulo kamodzi, ndipo komiti yake idatha chaka ikukangana za amene adadya ndalama ya msonkho. Maneti nawonso amafika, ndipo ambiri amagonamo, koma kumapiri kuno kuzizira kumatinamiza kuti udzudzu kulibe, ndiye upeza neti yatsopano ikutchinga nkhuku pa nazale ya tomato. Malungo timawakumbukira mu Febuluwale, mwana akayamba kukomoka.

Amayi oyembekezera ali ndi mtolo wawo. Amafunika kuyamba sikelo msanga, kuti alandire neti, katemera wa kafumbata, mapiritsi oonjezera magazi ndi Fansidar wowateteza ku malungo katatu kapena kuposa. Koma mimba kwathu sailengeza isanaoneke, kuopa maso a anthu, ndiye ambiri amayamba ili ndi miyezi 6. Pafupi ndi zipatala zina adamanga nyumba zodikirira, kuti mayi wakutali akakhale komweko masiku ake akayandikira. Nzeru yabwino. Funso limene alamu adandifunsa ndi lakuti: ufa wodya kumeneko uchokera m'nkhokwe iti, nkhuni atola ndani, ndipo ana atatu otsala kunyumba awaphikira ndani? Mwana wawo wachitatu adabadwira m'ngolo, pakati pa njira.

Pano ndidziloze chala ndekha. Zaka zonse ndakhala ku Tete, foni yochokera kumudzi ikalira kuti mwana wadwala, ndimatumiza ndalama ya njinga yamoto tsiku lomwelo. Kukagwa maliro ndimatumiza ya bokosi ndi ya ufa, n'kukwera minibasi ya chapa usiku. Koma sindidatumizepo ngakhale kamodzi ndalama yoti alamu akwere njinga kupita kusikelo ndi mwana wosadwala. Sadapemphepo, ndipo akadapempha ndikadadabwa. Ndalama ya matenda imakhala ndi ulemu, achibale amaitchula pamaliro kuti malume ake adayesetsa. Ya sikelo palibe amene angakuthokoze, chifukwa chikuku chimene sichidabwere palibe amachiona. Ndikukayikira kuti ndi mtima womwewu umene uli m'maofesi akuluakulu: mliri ukabuka galimoto zimapezeka, koma mafuta a brigada ya mwezi ndi mwezi ndi amene amayamba kudulidwa ndalama zikachepa. Akulu adati pita uko si kuyenda, kuyenda n'tiye kuno, ndipo ife a m'tauni takhala tikuuza abale athu kuti pitani kuchipatala, tili pamthunzi.

Madzulo a tsiku lomwe lija, titaweruka kumbatata, alamu adatulutsa kapepala ka pulasitiki pansi pa mphasa n'kundipatsa cartão ya mwana wawo wotsiriza kuti ndiwawerengere. Mwanayo adali ndi chaka ndi miyezi 10. Pamzere wa katemera wachiwiri wa chikuku padalibe kanthu, ndipo tsiku limene namwino adalemba ndi pensulo pakona lidali litadutsa ndi miyezi 4.

"Ameneyu si adamaliza pa miyezi 9?" adafunsa achimwene.

Ndidawauza kuti watsala mmodzi, ndipo kuchedwa sikulepheretsa, akhoza kulandirabe. Ndidaimbira foni mkulu wa chikwama uja, iye n'kuti tsiku lotsegula botolo la chikuku ndi Lachinayi, tifike isanakwane 9 koloko. Ndidatola khala pamoto n'kulemba "Lachinayi" pachitseko, pansi pa choko chija, ndipo ndidapereka kwa alamu ndalama ya njinga yamoto, kupita ndi kubwera.

Achimwene adayang'ana chitseko, adayang'ana milu ya mbatata imene idali pabwalo. "Lachinayi ndi tsiku limene akubwera a galimoto kudzakweza matumba," adatero. "Asankha mbatata ndani?"

Alamu adamanga ndalama ija pansonga ya chitenje. "Asankha alamu angawa," adatero. "Si abwera kudzathandiza?"

Tikiti yanga yobwerera ku Tete idali ya Lachitatu.